Akaunti ya Mwana

"Foni yanga yalira tsiku lonse ngati belu la kusukulu! Anzanga kuntchito mpaka kufunsa ngati kwathu kwagwa zovuta. Umafuna chiyani pa kompyutapo?"

Make Tsabola anazolika. Anali pa mpando wa pakona, mwana ali kubere, maso ali pa nsapato za mwamuna wake zomwe zinali mbuu ndi fumbi la kudepoti ya mbewu kumene ankagwira ukalaliki. Ukaliwo anali atauzolowera. Chimene chinamuzunguza mutu n'chakuti munthuyu wadziwa bwanji, poti pamene iye ankatsegula kompyuta m'nyumbamo munalibe wina aliyense.

"Ndikuyankhula ndi khoma kodi?"

"Ndimafuna kutsegula kamera," anatero chapansipansi. "Ndi maiki. Lero linali tsiku la adokotala."

"Kamera! Amayi, mwamva? Akufuna kamera."

Apongozi ake anali pakhomo la kukhitchini, akupukuta mbale yomwe inali youma kale. Sanayang'ane mwana wawo, sanayang'anenso mpongozi wawo.

"Ine ndamva," anatero. "Makutu ndikadali nawo."

"Bambo a Tsabola, munali pomwepo pamene ankanditulutsa m'chipatala," Make Tsabola anayesanso. "Anati popeza kwathu n'kutali, azindiona pa kompyuta. Lero nkhope yawo inabwera bwinobwino, ine ndimawamva, koma iwo samandiona, samandimva. Anati ndipite ku masetingi a bulawuza ndikalole kamera. Ndapitako, zonse n'zotuwa, sizikudinika, pali kaloko. Ndimangopempha kuti muchotse kalokoko."

"Kalokoko ndinaika ndine, ndipo ndinaika ndili maso. Ukudziwa zimene zili pa intaneti iwe? Ukavule, ukaonetse mimba pagalasi, ukudziwa amene akujambula kuseriko?"

"Adokotalawo ndi mayi."

"Pa intaneti aliyense ndi mayi! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo madokotala akowo ndi omwe akukuphunzitsa kundifulatira usiku. Ati dikirani zaka ziwiri. Zaka ziwiri! Nyumba ino ndi ya dokotala? Mwana wamwamuna andibalira ndi dokotala?"

Tsabola anasiya bere n'kuyamba kulira, nkhope psuu, monga ankachitira kuyambira tsiku lobadwa mpaka anthu kumupatsa dzinalo. Make anamutembenuzira paphewa. Potero anamva kukoka kuja, kumanzere kwa chipsera chimene madokotala anasiya potulutsa mwanayo. Anapuma pang'onopang'ono kuti nkhope isaonetse.

"Ndani akukuwa ngati wagwira mbava?" Anali Mlamu, mchemwali wamng'ono wa mwamunayo, amene ankaluka tsitsi pansi pa khonde la golosale ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri. Analowa zipeso zili m'mutu, ulusi wakuda utakolekera m'khosi. "Achimwene, mawu anu akumveka mpaka kumpopi. Azimayi asiya kutunga, akumvera nkhani zapawailesi zaulere."

"Iwe izi sizikukhudza."

"Kompyuta imeneyo si ya mlamu wanga? Sanamupatse ndi achimwene ake atamaliza sukulu? Inu munalowamo bwanji ndi maloko anu?"

"Chilichonse chili pansi pa denga ili chili m'manja mwanga."

"Ndiye mutikhomenso pakamwa, maloko akadalipo kumsika."

"Basi!" Apongozi anaika mbale pa tebulo. "Iwe, ulemu kwa mkulu wako. Ndipo inu Make Tsabola, mverani ine. Ife tinabereka ana popanda makamera, ndipo onse ndi awa akulongolola apawa. Bala limapola ndi kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwananga. Mwamuna akati ayi, pali chimene waona."

Make Tsabola anagwedeza mutu. Mawu anali nawo ambiri, koma iye kuyambira ali kusukulu anali munthu woti yankho akulidziwa, dzanja osakweza. Anadzuka n'kupita kukagoneka mwana.

Masiku otsatirawo thupi linayamba kumuuza zinthu. Fungo la sopo wochapira linkamutembenuza mtima. Tulo tinkamugwira masana, thewera lili m'manja. Zonsezi anali atazionapo kale pamene Tsabola ankabwera, ndipo sanafune wina womutanthauzira. Tsabola anali asanayambe n'kukwawa komwe. Kumanzere kwa chipsera kunatupa, kukutentha, ndipo m'mawa nsalu yamkati inkamatirira pamenepo.

Kachipatala kapafupi kanalipo. Koma namwino wa kumeneko ankaimba kwaya limodzi ndi apongozi, ndipo ulendo wina Make Tsabola atapita kukafunsa za kulera, nkhaniyo inafika kunyumba iye akadali m'njira. Chipatala chachikulu chinali ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, ndipo popanda mawu a mwamuna wake sakanayerekeza. Foni yake inali ya mabatani, yongoimbira. Chimene chinatsala chinali kompyuta ya pa tebulo ija, yofunditsidwa kansalu koluka ngati ya mlendo.

Tsiku lachiwiri la adokotala litakwana, iye anadikira mwamuna wake apite kuntchito, apongozi apite kudimba, kenako anatsegula. Nkhope ya adokotala inabwera: mayi wa magalasi, wa imvi pang'ono m'mbali, kumbuyo kwawo kuli kabati yoyera.

"Mayi, ndikuona kuti mwalowa, koma kuno kuli mdima," anatero adokotala. "Yankhulani timve."

"Ndili pano, adokotala. Ndili pano."

"Sindikukumvani. Mwayesa ku masetingi kuja?"

Make Tsabola anapitanso. Zilembo zotuwa zomwe zija, kaloko komweko, ndi pansi pake kabatani kolembedwa kuti pemphani chilolezo. Dzanja linapita lokha pa kabataniko, koma anakumbukira belu la kusukulu lija n'kulibweza. Anayandikiza pakamwa pa galasi mpaka mpweya wake kulichititsa nthunzi.

"Ndikuganiza kuti ndaima," ananong'ona. "Ndipo bala likutuluka madzi."

Adokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ngati mukundimva, mayi, mvetserani. Ine ndidzabweranso pano tsiku lanu likakwana. Koma ngati pali ululu, kapena magazi, kapena mukukayikira chilichonse, musandidikire. Mwamva? Musadikire."

Galasi linada. Make Tsabola anakhala pomwepo, manja ali pamiyendo, mpaka anamva wina akupuma kumbuyo kwake. Mlamu anali ataima pakhomo, botolo la mafuta a tsitsi limene anadzatenga lili m'manja.

"Wanena kuti chiyani pagalasipo, mlamu?"

"Palibe."

"Iwe, ine ndimaluka azimayi tsiku ndi tsiku. Munthu akaima ndimadziwira pakhosi, asanauze n'mwamuna wake yemwe. Ndinangoti mwina maso anga akunama." Anaika botolo pansi. "Achimwene akudziwa?"

"Akadziwa asangalala. Akasangalala ndiye kuti kuchipatala sindidzapitanso, adzati akandichotsa mwana wawo."

"Kulunga chinthucho m'bulangete la Tsabola. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tiyeni kwa a Waya."

A Waya anali ndi kashopu kopapatiza kumapeto kwa msika, pakati pa wometa ndi wogulitsa matayala akale. Pakhoma panali mafoni ambirimbiri akutchajidwa, zingwe zili lendelende ngati mizu ya kachere. Anyamata atatu anali pabenchi akudikira mafoni awo, akukangana za mpira. Mwini shopuyo anali bambo wowonda, wa chala chimodzi chopsa ndi chowotcherera.

"Mwabweretsa mwana kapena kompyuta?" anafunsa akuona bulangete.

"Mwana ali kumsana uyu, a Waya, simukuona? Wodwala ndi uyu," anatero Mlamu akufunyulula. "Masetingi akukana. Kamera ndi maiki sizikutseguka. Tichotsereni kaloko, ine ndidzakulukani ndevu ulere."

"Ndevu zanga zisiyeni, zili ndi mwini wake." A Waya anayatsa, anadinadina, anapita uku ndi uku, kenako anaseka pang'ono. "Aa, apa palibe chowonongeka. Iyi ndi akaunti ya mwana. Makolo amachita zimenezi kuti ana asamaone zolaula, asamacheze ndi anthu osawadziwa. Mwanayo sangasinthe kanthu. Akadina apa, pempho limapita pafoni ya kholo. Onani, analemba kuti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kaitaneni bambo ake a mwanayo, ndi ntchito ya kamphindi."

A Waya anadzutsa mutu.

"Mwanayo ali kuti?"

"Ndine," anatero Make Tsabola.

Anyamata a pabenchi anasiya za mpira. Mmodzi anayamba kuseka, koma Mlamu anamuyang'ana kamodzi kokha ndipo kusekako kunathera pakhosi. A Waya anayang'ana dzina la pagalasi, anayang'ana mayi woima patsogolo pawo ndi khanda kumsana, n'kukanda kumutu.

"Pepani, mayi. Sindinadziwe."

"Zaka zisanu ndi zinayi!" Mlamu anawomba m'manja. "Ndiye kuti achimwene anakwatira mwana wa sitandade fili? Apolisi akudziwa? Fufutani zonse, a Waya. Kolopani, iyambirenso ngati yatsopano."

"Kufufuta ndingafufute, koma khomo lolowera kuchipatala limene anakuikiranimo lipita limodzi, ndipo kuti akupatseni lina mpaka mukafike komweko. Komanso ine ndinalumbira. Chaka chatha ndinatsegulira mayi wina foni yotere, mwamuna wake anabwera ndi mpini wa khasu. Taonani kauntala iyi, mng'alu uwu si wa chiswe." Analoza kompyuta yake pakona. "Kapena tsiku la adokotalalo mubwere kuno, tidzayese pa kompyuta yanga."

Make Tsabola anayang'ana benchi, anayang'ana khomo lopanda chitseko, wometa akusuzumira ndi lumo m'manja.

"N'zofuna kuvula," anatero.

"Oo." A Waya anabwereranso pagalasi, mwina pofuna pobisa maso. Anatsitsa, anakweza, kenako anaima. "Dikirani. Apa makolo alipo awiri. Chinthuchi chimapempha nambala yachiwiri, kuopa kuti foni yoyamba ingatayike. Nambala iyi mukuidziwa?"

Mlamu anawerama n'kuwerenga milomo ikugwedera. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Ya amayi."

"Ndiye njira ilipo. Mukadina apa, pakuti kholo lili pano, musankhe nambala yachiwiriyi. Pafoni ya amayiwo pabwera manambala. Mukawalemba apa, kaloko kachoka, mulole kamera, mulole maiki, basi. Koma ndikuuziretuni: uthenga upita kwa makolo onse awiri. Bambowo adziwa nthawi yomweyo."

Pobwerera Mlamu anali ndi nzeru kale. "Amayi foni amaisunga pachifuwa, koma akamasamba amaiika pa zenera. Ine ndidzaitenga, iwe udzalembe manambala, ndidzabweza asanatsukuluze sopo."

"Ayi."

"Ayi chiyani? Ukufuna kufa ndi ulemu?"

"Ndikaba, ndiye kuti ndine mwanadi," anatero Make Tsabola. "Ndidzawapempha."

Mlamu anamuyang'ana m'mbali kwa nthawi. "Iwe ndiwe madzi odikha," anatero. "Ine anthu otere ndimawaopa."

Kupemphako sikunali kwapafupi. Tsiku lililonse ankati lero, koma dzuwa n'kulowa asanapemphe. Apongozi sanali munthu wankhanza. Ankamusambitsira mwana, ankamuletsa kunyamula ndowa yodzaza. Koma pakati pa awiriwo panali mpanda wa ulemu umene sanaudumphepo: sankadyera mbale imodzi, sankayang'anana m'maso nthawi yaitali. Masiku anatha choncho, ululu ukukula, mpaka tsiku la adokotala linafikanso.

M'mawa umenewo, mwamuna wake atakwera njinga kupita kudepoti, Make Tsabola anapeza apongozi pabalaza akusita zovala za kwaya. Anagwada pafupi ndi tebulo, chinthu chimene chinamutengera nthawi chifukwa cha bala.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Nenani."

"Ndikupempha foni yanu. Pabwera manambala otsegulira kamera."

Apongozi anaimika simbi. "Foni yanga ikukhudzana bwanji ndi zimenezo?"

Iye anafotokoza zonse monga a Waya ananenera: akaunti ya mwana, zaka zisanu ndi zinayi, makolo awiri. Mlamu, amene tsikulo sanapite kukaluka, anaima pakhomo atanyamula Tsabola, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanalowerere.

"Anandilemba ine?" anafunsa apongozi. "Liti?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Tsiku lija anati akufuna kundionera mayunitsi..." Anasiya pomwepo. Anatenganso simbi n'kusita kolala imene anali ataisita kale. "Ngakhale zili choncho. Ine ndilowe pakati pa mwana wanga ndi mkazi wake? Mawa mukagwirizana, woipa adzakhala ndani? Za m'banja n'za awiri. Wachitatu ndi kapasule."

"Mwalowa kale, amayi. Anakulowetsani ndi iwo."

"Banja ndi kupirira, Make Tsabola. Inu mukadali ana. Mawu a akulu akoma akagonera. Lero mukuona ngati ndikukuumirani mtima, koma ine ndaona maukwati akutha chifukwa cha tinthu tochepa kuposa kamera. Mudikire abwere madzulo, ndiyankhula naye ine mofatsa."

"Madzulo adokotala adzakhala atapita."

"Adzabweranso."

"Ine sindikudziwa ngati adzandipeze."

Simbi inaima. Make Tsabola anagwira mwendo wa tebulo n'kudzuka. Anapita kukatseka chitseko cha panja, anakoka katani, n'kubwerera. Anayamba kumasula mfundo ya nsalu yake.

"Mukuchita chiyani? Ine ndine mpongozi wanu!" Apongozi anatembenuzira nkhope kukhoma. "Valani! Zimenezi n'zosayenera."

"Pakamwa panga sipatha kunena, amayi. Onani nokha. Mukaona n'kunena kuti ndidikire, ndidikira."

Kenako apongozi anatembenuka, pang'onopang'ono, ngati munthu amene khosi lamuuma. Anaona chipsera chofiira, chotupa mbali imodzi, kumapeto kwake kutatseguka ngati kamwa la nsomba. Anayandikira. Anaika chikhatho pamwamba pake, osakhudza balalo, ndipo kutentha anakumva. Dzanjalo linatsika pang'ono, linakhala pamimba, linakanikiza mofatsa monga amachitira amayi amene abereka kambiri. Maso awo anakwera mpaka anakumana ndi a mpongozi wawo.

"Mulungu wanga," anatero. "Mwanayu asanamere n'dzino lomwe?"

Make Tsabola anavomera ndi mutu.

"Madokotala anakuuzani kuti mudikire. Ndinamva ndi makutu anga." Apongozi anakhala pampando mwadzidzidzi. "Ndipo ine ndimagona chipinda chinacho, osamuletsa mwana wanga."

Anapisa dzanja pachifuwa n'kutulutsa kafoni kokulungidwa m'kampango. Anakafunyulula n'kukaika pa tebulo, pambali pa zovala za kwaya.

"Yatsani chinthu chanucho."

Make Tsabola anavala, anavundukula kompyuta, anapita ku masetingi. Anadina pakuti kholo lili pano, anasankha nambala yachiwiri. Kafoni kanalira. Apongozi anakatalikitsa ndi maso, anakayandikitsa, n'kupukusa mutu.

"Tizilembo ngati nyerere. Iwe, bwera udzawerenge. Koma kudinako ndidina ndekha, asadzati munandibera."

Mlamu ankatchula nambala, apongozi n'kuisaka ndi chala chimodzi pakati pa mabatani a kompyuta, kuipeza, kuikanikiza mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Atamaliza, kaloko kanazimirira. Zilembo zotuwa zija zinada, zinakhala zamoyo. Make Tsabola analola maiki, analola kamera. Kanyali kakang'ono kanayaka pamwamba pa galasi, ndipo anadziona yekha: nkhope yowonda, milomo youma, kumbuyo kwake apongozi ndi Mlamu atasuzumira.

"Kodi ndakalamba chonchi?" anatero apongozi. Mlamu anaseka, misozi ili m'maso.

Adokotala anachedwa kulowa. Amene sanachedwe ndi mwamuna wake. Anamva njinga ikugwetsedwa pabwalo, kenako chitseko chinakankhidwa mpaka kumenya khoma. Analowa thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja.

"Ndani watsegula? Ndani wakupatsa manambala?" Anaona kafoni pa tebulo. "Wabera amayi foni?"

"Palibe wandibera," anatero apongozi. "Ndadina ndine, ndi chala ichi."

"Amayi, mwachita chiyani? Inu zinthu zimenezi simuzidziwa."

"Pondilemba unandifunsa ngati ndikuzidziwa? Unati ndine kholo la mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Chabwino. Mwana wangayo wadwala, ndamutsegulira."

Iye anatambasula dzanja kuti atseke kompyuta. Apongozi anaika dzanja lawo pa mabatani.

"Tseka. Uthyole zala zimene zinakusambitsa."

Pomwepo galasi linasintha, ndipo kabati yoyera ija inaoneka.

"Eya, lero kwawala!" anatero adokotala. "Ndikuona anthu ambiri. Mayi, mukufuna tiyankhule muli nokha?"

Make Tsabola anamva mwamuna wake akupuma pamwamba pa mutu wake. Anayang'ana kanyali kaja.

"Akhale," anatero. "Amve nawo. Adokotala, ndaima. Ndipo bala latseguka mbali imodzi, likutuluka madzi, likutentha. Usiku ndimanjenjemera."

"Waima?" Mawu a mwamuna wake anasintha nthawi yomweyo. Nkhope inamasuka, mano anaoneka. "Ndiye vuto lili pati? Amayi, mwamva? Bwanji osandiuza? Ameneyu ndiye mnyamata ameneyu!"

"Ndinu bambo a kunyumba?" anafunsa adokotala. "Imani pambali pang'ono. Mayi, ndionetseni."

Mlamu anapendeketsa galasi. Make Tsabola anamasulanso nsalu. Adokotala anayandikira kwawoko mpaka nkhope yawo kudzaza galasi lonse. Anafunsa mafunso angapo: kwayamba liti, magazi alipo, akumva chizungulire. Kenako anakhala tsonga.

"Mverani nonse. Kunjaku bala lalowa matenda, ndipo zimenezo zokha n'zokwanira kugoneka munthu m'chipatala. Koma chimene ndikuopa kwambiri chili m'kati. Chiberekero tinachisoka, sichinagwirane. Mimba ikamakula pa msoko wosapola, msokowo umatha kung'ambika, ndipo zikachitikira kunyumba munthu safika kuno. Ndikufuna mayiwa anyamuke lero. Osati mawa."

"Mukufuna mukachotse mwana wanga," anatero mwamunayo.

"Ndikufuna ndione ngati tingapulumutse onse awiri. Sindikulonjeza. Mukanabwera nawo kale, bwenzi ndikuyankhula zina."

Atatseka, apongozi sanataye nthawi. Analamula Mlamu kulongedza chikwama: nsalu, matewera, buku la kuchipatala, kapu ndi supuni. Anatenga Tsabola n'kumubereka okha, mfundo n'kumanga kawiri. Anathira makala a m'simbi panja kudzera pa zenera. Make Tsabola anavala nsapato atakhala pansi, poti kuwerama kunali kutakanika.

Atadzuka anapeza mwamuna wake ataima pakhomo, manja atagwira mafelemu onse awiri.

"Palibe akutuluka muno. Madokotala amaopseza anthu, ndi ntchito yawo. Ine ndine mwini nyumba, ndipo sindinavomere."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero apongozi. "Iwe ukumva chiyani?"

"Amayi, musandichititse manyazi pamaso pa mkazi wanga."

"Manyazi? Ine ndaona lero chimene mpongozi sayenera kuona, ndipo sindinafe nacho. Ngati sukufuna kusuntha, usasunthe. Ima pomwepo. Ugwire mafelemuwo zolimba, kuti tsiku limene tidzalowetse bokosi pakhomo lomweli udzatithandize kuyeza ngati likwana."

Mwamunayo anayang'ana amayi ake, anayang'ana mchemwali wake. Pomaliza anayang'ana mkazi wake, ndipo Make Tsabola sanagwetse maso. Anangoyenda, phazi limodzi, linzake, dzanja lili pamimba, mpaka anafika pafupi moti ankamva fungo la thukuta ndi fumbi la mbewu pa malaya ake. Dzanja lamanja la mwamunayo linatsetsereka pa felemu n'kugwa. Mpata unali wochepa, koma unakwana.

Njira ya kusiteji inali yaifupi, koma tsikulo inatalika. Mlamu anali patsogolo ndi chikwama pamutu, akukalipira aliyense wofunsa kuti ulendo wa kuti. Apongozi ankayenda pambali, mwana ali kumsana, ndipo pena paliponse pokwera ankagwira mpongozi wawo pachigongono. Make Tsabola anacheuka kamodzi. Mwamuna wake anali atatuluka, ataima pabwalo pafupi ndi njinga yogwa ija, osaidzutsa, osawatsatira.

Basi inafika itadzaza. Kondakitala ataona mmene mayiyo ankayendera anadzutsa mnyamata wina pampando wa kutsogolo. Make Tsabola anagwira chitsulo cha pakhomo, phazi limodzi lili pa sitepe, ndipo anatembenukira kwa apongozi ake.

"Amayi, mwana wam'mimbayu akhala moyo?"

Apongozi anakonza mfundo ya mbereko, ngakhale inali yolimba kale.

"Sindikudziwa, mwananga," anatero. "Kwerani."